Chidindo cha Che Zuberi

Mpaka lero ndikamadutsa pa shopu ya fotokope ya Jasten ndimayang'ana kumbali, ndipo akandipatsa moni ndimayankhira m'mphuno. Anthu amati a Dalesi ndi osunga chakukhosi. Asiyeni anene, pakamwa ndi pawo. Ine ndimagulitsa tiyi ndi zitumbuwa pansi pa mtengo wa nimu, moyang'anizana ndi siteji ya akabaza kuno ku Balaka, ndipo zimene zinawachitikira Che Zuberi ndinaziona ndi maso angawa, si zomvera kumjigo ayi.

Che Zuberi anali msodzi wa ku Chiuta, mwana wa msodzi. Anabwera ku Balaka atakula kale, chaka china nyanja itaphwa mpaka mabwato kugona pamatope. Anabwera ndi akazi awo Che Halima, njinga yakuda yokalamba, ndi bondo lakumanzere limene bwato linawaphwanya ali mnyamata. Kupalasa ankapalasa bwinobwino, mosathamanga koma mosagwetsa munthu. Chimene sankatha ndi kuthamanga ndi miyendo, pomwe ukabaza wa masiku amenewo unali kuthamanga basi. Minibasi ikangoima anyamata onse ankaunjikana pachitseko, wina kukoka chikwama, wina kukoka dzanja, mlendo kungoti kakasi. Che Zuberi pofika n'kuti aliyense atatengedwa kale. Ankabwerera pa benchi langa, ine n'kuwathirira tiyi wopanda mkaka.

Pa benchi pomwepo ndi pamene makhadi anabadwira. Munthuyu anali ndi dzanja. Ankatola makatoni a sopo ndi a shuga amene a m'magolosale ataya, n'kuwadula tizidutswa tonga chikhatho, n'kumajambulapo ndi bolopeni zinthu za kwawo kunyanja. Mlamba wawo unali ndi ndevu zoti ungafune kuzikoka. Pansi pa chithunzi chilichonse ankalemba mizere iwiri: chimene chinthucho chimadya, ndi chimene chimachidya. Ng'ona imang'amba ukonde, ukonde umagwira mlamba, mlamba umameza chule, chule amadya udzudzu, udzudzu umagoneka msodzi, msodzi amapha ng'ona. Anthu awiri ankaponya aliyense khadi lake molivundikira, kenako n'kuvundukula pamodzi. Lodya linzake ndiye lapambana, ndipo akapanda kudyana ankaponyanso.

Poyamba anali masewera otayitsa nthawi. Koma tsiku lina anyamata awiri anamenyana mpaka kuthyola masipoko polimbirana mayi wa dengu la tomato, ndipo tcheyamani wa siteji, a Kenneth, anati zakwana. Kuyambira tsiku limenelo wonyamula pasenjala ankadziwika ndi makhadi. Wopambana onse ankaima kutsogolo ndi njinga yake, akabwerako n'kulowanso m'masewera ngati wina aliyense. Ndipo zinayenda. Popeza panalibe khadi lopanda mdani wake, panalibenso munthu wopambana tsiku lonse. Wamphamvu ankanyamula, wowonda ankanyamula, wa bondo lophwanyika ankanyamula, ndipo madzulo aliyense ankapita kwawo ndi kanthu m'thumba. Shehe wina anawafunsa Che Zuberi ngati imeneyi si juga. Iwo anati, "Ngwamba, shehe, iyayi. Pa juga munthu amabetcha ndalama. Ife apa tikungogawana njira osathyolana mano." Shehe anaseka n'kupempha kuti aone mlamba uja.

Chimene ndinkakonda ine ndi kubadwa kwa khadi latsopano. Aliyense anali ndi ufulu wobweretsa chinthu chake kuti chijambulidwe. Mtengo wake unali chidutswa cha katoni ndi kapu ya tiyi, ndiye mwaona nokha kuti nanenso ndinkadyapo. Koma bolopeni isanakhudze katoni pankakhala mlandu. Ndikukumbukira tsiku limene mnyamata wina wamakani, Lucius, anafuna khadi la sitima.

"Sitima imadya chiyani?" anafunsa Che Zuberi.

"Zonse, madala! Mbuzi, ng'ombe, galimoto, chidakwa."

"Elo. Nanga iyoyo imadyedwa ndi chiyani?"

"Palibe. Sitima ndi sitima."

"Ndiye katoni yako bwerera nayo, baba. M'nyanja mulibe chinthu chosadyedwa."

Siteji yonse inakangana mpaka dzuwa kufika paliwombo. Mapeto ake wina anakumbukira madzi osefukira amene amakokolola njanji, wina anatchula mbava zomasula mabawuti, ndipo pamenepo sitima inajambulidwa, ya utsi wake womwe. Kunali khadi la apongozi, lodya msodzi ndi wakabaza koma logonja kwa paketi ya shuga. Kunali la miseche, limene ndinabweretsa ine, ndipo amuna aja anagwirizana mwachangu kwambiri kuti ndimalidziwa bwino.

Lucius yemweyo ndiye anachititsa kuti pakhale chidindo. Anakajambula yekha mkango kunyumba, mkango wooneka ngati galu wa chiwewe, n'kulembapo kuti umadya zonse. Kunali phokoso. Che Zuberi anatenga chidendene cha patapata wakutha, n'kusemapo kansomba kopinda mchira. Ankakapaka mwaye wosakaniza ndi mafuta a njinga n'kudinda kuseri kwa khadi lililonse lenileni. Siteji inalumbira kuti khadi lopanda chidindo silisewera. Inu mukutidziwa ife ndi chidindo. Pepala likhale labodza chotani, likangodindidwa timalivulira chipewa.

Kenako kunabwera njala ya 2016. Mvula inadula chimanga chili m'mawondo, ndipo kwa Nsamala minda inasanduka mabwalo. Pofika kumapeto kwa chaka ine zitumbuwa ndinali nditasiya, ndikugulitsa mango aawisi ophika. Anthu anasiya kukwera kabaza. Munthu ankalolera kuyenda wapansi kuti ndalamayo agulire wokumani, timapaketi ta ufa tija tosakwana n'komwe banja. Apasenjala atachepa chomwecho, makhadi anasiya kukhala choseketsa, chifukwa kupambana kunali kudya ndipo kugonja kunali kugona ndi njala. Kwa Che Zuberi zinanyanya. Mwana wawo wamkazi anabwera kuchokera kwa Kawinga ndi ana ake, mwamuna atalowera ku Joni osatumiza ngakhale moni.

Apa ndi pamene Jasten analowera. Anali mnyamata wa malaya osita, wa kompyuta ndi makina omatira mapepala m'pulasitiki, ndipo chaka chimenecho kuseri kwa shopu yake kunali matumba a chimanga amene ankagulitsa pang'onopang'ono podikira kuti mtengo ukwere. Anabwera pa benchi langa akumwetulira ngati wofunsira mbeta.

"Madala, luso lanu ndi lalikulu zedi, koma makatoniwa akutha ndi thukuta. Ndipatseni makhadi anu ndi chidindo, ndiziwasindikiza pa makina, amitundumitundu, omata bwinobwino. Ine ndikupatsani ndowa ya chimanga, yodzadza."

Ndinawaponda phazi Che Zuberi pansi pa benchi. Ndinati, "Achimwene, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Anandiyang'ana ndi maso ofiira nati, "Achemwali, adzukulu anga dzulo agonera madzi amchere. Ichi ndi chidutswa cha patapata basi." Munthu amene adzukulu ake akulira sumudyetsa mwambi. Anapereka chidindo, n'kumangirira ndowa ija pakaliyala.

Makhadi oyamba a Jasten anali omwe aja, ng'ona ndi mlamba ndi apongozi, kungoti onyezimira. Amuna anawakonda ngati ana. Atawakonda, Jasten anayamba kuwatsekera m'timapaketi ta pepala lakhaki, tomata, kuti wogula asadziwe chili m'kati. Mtengo wa kapaketi kamodzi anaulinganiza ndi wa wokumani, ndipo zonse ziwiri anaziika pa kauntala imodzi. M'mapaketi ambiri munkatuluka achule ndi udzudzu. Koma mwa apo ndi apo munkatuluka zinthu zimene palibe anazionapo, kaya ku Chiuta kaya ku Shire: chinjoka cholavula moto, chimunthu chachitsulo cha maso ofiira, ndege yankhondo. Jasten anangozitola pa intaneti, sanajambule ngakhale mchira. Mzere wa zimene chimadya unali wautali mpaka kuthina. Mzere wa chimene chimachidya kunalibe. Ukatembenuza khadi, kansomba kopinda mchira kali phee.

Ndiye taonani zimene zinachitika. Anyamata osakwatira ndi ana a anthu opeza bwino anagula mapaketi ambirimbiri mpaka kupeza zinjoka, ndipo apasenjala onse anakhala awo. Akanyamula ankapeza yogulira mapaketi ena. Otsalawo ataona choncho anayamba kugulitsa tambala, wailesi, foni, ena mpaka kukanganula lata padenga. Ndipo ukapeza chinjoka lero, mwezi usanathe Jasten ankatulutsa chimphona chodya chinjoka, iwe n'kubwereranso pa kauntala. Palibe anabweretsanso katoni kuti akangane za khadi latsopano. Palibe ankaganizanso kuti mnzangayu aponya chiyani, chifukwa ngakhale mwana wa sitandade wani akanatha kulosera wopambana. Kuseka kunatha pa siteji. Ndowa ya chimanga nayo inatha, ndipo Che Zuberi ndi makatoni awo akale ankatha masiku osanyamula munthu, m'masewera amene anayambitsa okha.

Ine ndinapsa mtima. Ndinapita ku shopu ndi chikombe m'manja, ndaiwala n'kuchisiya komwe.

"Iwe Jasten, ulibe manyazi? Anthu akudya mango aawisi, iwe ukuwagulitsa mapepala?"

"Amayi, ndimamukakamiza ndani? Amabwera okha. Bizinezi ndi bizinezi."

"Bizinezi ya kudyera pa mitembo! Chinjoka chakocho chimadyedwa ndi chiyani?"

Anaseka. "Chimadyedwa ndi cha mwezi wamawa."

Ndinamutchula mayina amene sindingabwereze pano, ndipo anthu anasonkhana. Iye anangopitiriza kumata mapaketi.

Che Zuberi sankadziwa kutukwana, ankadziwa kujambula. Anakhala pa benchi langa ndi katoni ya sopo n'kujambula dzimbiri lodya chimunthu chachitsulo ndi ndege yomwe, ndi mvula yamkuntho yozimitsa chinjoka. Ndipo popeza anali Che Zuberi, anajambulanso girisi wodya dzimbiri ndi mphepo yobalalitsa mvula, kuti pasakhale chinthu chosadyedwa. Anajambula ambiri, oti agawire aliyense kwaulere. Dzimbiri lija linatuluka lokongola, lamawangamawanga, ungamve fungo lake.

M'mawa mwake anakumana m'masewera ndi Hassani, mwana wa mlongo wawo, amene iwo omwe anamuitana kuchokera ku Chiuta n'kumuphunzitsa kunyamula munthu panjinga. Hassani anavundukula chimunthu chachitsulo. Che Zuberi anavundukula dzimbiri. Wina anaseka, kuseka kwenikweni kwakale kuja. Che Zuberi anagwira chiwongolero kuti akaime kutsogolo.

Hassani anatola khadi lija n'kulitembenuza.

"Anjomba, chidindo chili kuti?"

"Iwe Hassani, dzanja ili sukulidziwa?"

"Dzanja ndikulidziwa. Ndikufunsa chidindo."

"Chidindocho anasema ndani? Si ine?"

"Khadi ili ndi labodza, anjomba." Sanawayang'ane kumaso. Milomo inali itauma ngati yawo yomwe. "Ine ndagulitsa mbuzi ya akazi anga kuti ndipeze chachitsulochi. Wallahi, mbuzi yomaliza. Ndiye lero mungobwera ndi katoni ya sopo n'kunena kuti mbuzi ija yapita pachabe?"

Onse anatembenukira kwa a Kenneth. Tcheyamani anakanda m'mutu, anayang'ana pansi, n'kunena kuti lamulo ndi lamulo, ndipo analiika ndi Che Zuberi eni ake.

Che Zuberi anapempha kulankhula. Anati tiyeni titaye zonyezimirazi, tibwerere ku makatoni, ndisema chidindo china lero lomwe, aliyense azinyamula monga kale. Ine ndinkayembekeza kuti okana akhala eni zinjoka. Ayi ndithu. Amene anakuwa kwambiri ndi amphawi enieni, ogulitsa tambala ndi malata aja, amene m'matumba mwawo munali achule okhaokha. Aliyense ankati ndataya kale zambiri, chinjoka changa chili m'paketi yotsatira, musandisokoneze. Lucius anafika ponena kuti madalawa akuchita nsanje. Pa zonse zimene ndinaona chaka chimenecho, ichi ndicho chimandiwawa kwambiri. Jasten sanafunikire n'komwe kutuluka m'shopu, anthu amene ankawadyera ndiwo anamumenyera nkhondo.

Madzulo ake Che Zuberi anapita okha kukapempha kuti angobwereka chidindo, adinde makhadi awo atsopano. Jasten anawapatsa mpando, anawapatsa ulemu wonse, n'kuwauza kuti chogula ndi chogula. Anawonjezera kuti za dzimbiri ndi girisi ndi zachikale, anthu masiku ano akufuna mphamvu.

Che Zuberi anayesa kuchoka pa siteji, kumakadikira anthu kunjira za kumidzi. Koma ndani ankakwera njinga kumidzi chaka chimenecho? Anabwerera. Ankafika m'mawa, kuponya mlamba wawo, kudyedwa, n'kukhala pa benchi langa. Ndinkawapatsa mango awiri, limodzi ankadya, linalo ankabisa m'thumba la malaya akuganiza kuti sindikuona.

Tsiku lawo lomaliza pa siteji linali Lachisanu. Che Halima anali atagulitsa mtondo ndi munsi womwe, poti panalibenso chosinja, n'kuwapatsa amuna awo ndalamayo kuti pochokera kumzikiti abwere ndi wokumani. Ndinawaona Che Zuberi akulowa m'shopu ya Jasten atavala mkanjo wawo woyera. Anakhalitsamo. Potuluka m'manja munalibe ufa. Munali kapaketi kakhaki.

Ndinaimirira. "Achimwene! Inunso?"

"Ufa uja ukanatha lero lomwe, achemwali," anatero osandiyang'ana. "Nanga mawa?"

"Ana aja adya pepala?"

Anakhala pa benchi, anati Bisimillah, n'kung'amba kapaketi kaja ndi mano. Munatuluka chule, munatuluka ukonde, ndipo pansi pake panali chimphona chatsopano, chodya chinjoka, chimene pa siteji yonse panalibe anali nacho. Ndinaona nkhope yawo ikuwala, ndipo ndikanakonda ndikanapanda kuona. Munthu amene anabweza sitima chifukwa chosowa mdani wake anagwira pepala lija ndi manja awiri, akupuma mofulumira.

Anawoloka msewu n'kulowa m'masewera. Anadya Lucius, anadya Hassani, anadya eni zinjoka mmodzimmodzi. Palibe anatsutsa, chidindo chinalipo. Anakankha njinga n'kukaima kutsogolo, atawongola msana.

Minibasi inaima, ndipo munatsika bambo wina wathupi ndithu, wa chikwama ndi thumba la mpunga, wopita kutsidya kwa njanji. Ulendo wabwino, wa ndalama yoti ufa ugulidwe n'kutsalako. Che Zuberi anamangirira thumba, anapukuta khushoni ndi mkono wa mkanjo, bambo uja anakwera. Ananyamuka bwino. Ine ndinatuluka pamthunzi n'kuima pakati pa msewu, mango akupserera pamoto.

Pokafika panjanji pali kachitunda kakang'ono, koti mwana amakwera akuyimba. Munthu amene wadya bango limodzi kuyambira dzulo sakwera pamenepo ndi munthu ndi thumba la mpunga. Ndinaona njinga ikuyamba kupita uku ndi uku. Anaimirira pa mapedulo, anakankha ndi mwendo wabwino uja, njinga inasuntha pang'ono n'kuima. Anatsitsa phazi pansi. Anayesanso, osatheka. Bambo uja anatsika, anayang'ana wotchi, anamasula thumba lake yekha, n'kutembenuka kukodola dzanja ku siteji. Amene anali wachiwiri pa mzere anali Hassani. Anazengereza pang'ono, kenako anapalasa, anakweza thumba ndi mwini wake, n'kudutsa amalume ake atawerama.

Che Zuberi anatsala pakachitunda paja atatsamira chishalo, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Ndinathamanga ndi kapu ya madzi. Anamwa, anandibwezera kapu, n'kundifunsa ngati Che Halima adutsa kale pamsika. Ndinati sindinawaone. Anati ndi bwino iwo adzere njira ya kuseri, asakumane nawo. Anatembenuza njinga n'kuyamba kuikankha wapansi, akutsimphina, kupita kunyumba kumene madzi anali ataterekedwa kale kudikira ufa.